Dokotala Amene Wodwala Samuona

A Mkonzi a kalata yathu ino atandipempha kuti ndilembeko nkhani ya mbiri, ndinayamba ndakana. Ine si mphunzitsi wa mbiri, ndiponso si dokotala. Ntchito yanga ndi ya m'maofesi a boma, kumene tsiku limathera pa mafayilo ndi misonkhano. Chimene chinandisintha maganizo ndi zimene ndinamva pa msonkhano wathu wapachaka wapitawu. Titatha kudya, mkulu wina amene anatsiriza sukulu ife tisanafike anayamba kudandaula za mwana wake wamkazi. Mwanayo watsiriza maphunziro a udokotala, ndipo akuti akufuna kubwereranso kusukulu kuti adzakhale katswiri wa pathology. "Anzanga," anatero mkuluyo, "zaka zonsezi ndavutika ndi fizi, lero mwana akuti akufuna ntchito yong'amba mitembo? Nanga kumudzi ndikanena kuti chiyani?" Tonse tinaseka.

Ine ndinaseka nawo, koma pobwerera, minibasi itangowoloka Shire pa Liwonde, chiseko chinandithera. Ndinakumbukira malemu achemwali anga ndi kapepala kena kamene kanafika mochedwa pakhomo pathu. Tsono ndaganiza kuti ndilembe mbiri ya madokotala amenewa m'dziko lathu, kumene anachokera, mmene amaphunzirira, ndi chifukwa chake ife a ku Machinga ndi Balaka sitiyenera kuwaseka.

Kodi amagwira ntchito yanji?

Nonse mukukumbukira labotale ya sukulu yathu ndi tsiku loyamba kuyang'ana pa maikulosikopu. Tinkasenda kakhungu ka anyezi, kudonthezera ayodini, kenaka kulimbirana malo a pawindo kuti kagalasi kapansi kagwire dzuwa. Ambiri tinkangoona nsidze zathu zomwe, koma pojambula m'kope timajambula maselo okongola ngati njerwa za nyumba ya mfumu. Aphunzitsi athu ankati kuona maso a nkhono n'kudekha. Dokotala wa pathology ndiye munthu amene anadekha mpaka maso a nkhonowo anawaona.

Munthu akatuluka chotupa chosadziwika bwino, dokotala wa opaleshoni amadulako kanyama kakang'ono n'kukaika m'kabotolo ka mankhwala otchedwa formalin kuti kasawole. Kakafika ku labotale, amakachotsa madzi, amakamiza mu phula losungunula, ndipo phulalo likauma amakasenga ndi makina akuthwa kukhala timapepala topyapyala, toti mutaunjika khumi sitingafike pa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Timapepalato amatimata pa kagalasi n'kutipaka utoto wabuluu ndi wofiirira. Ntchito yonseyi amagwira akatswiri a m'labotale, amene amaphunzira luso lawo m'masukulu monga Malawi College of Health Sciences ndi Malamulo. Pomaliza kagalasiko kamafika kwa dokotala wa pathology, ndipo iye ndiye amanena kuti ichi ndi chifuwa chachikulu, ichi ndi chotupa wamba, ichi ndi khansa, khansa yake ya mtundu wakuti. Wodwala samuona, dzina lake salidziwa, koma mankhwala amene adzalandire amadalira mawu a munthu ameneyu.

Nthambi za ukatswiri umenewu ndi zingapo. Ena amazama pa tinyama ndi maselo, ena pa magazi, ena pa tizilombo toyambitsa matenda, ena pa michere ndi timadzi ta m'thupi. Kuyeza mitembo ndi nthambi imodzi chabe, ngakhale kuti ndiyo imamveka pa wailesi. Maziko a zonsezi anaikidwa ndi dokotala wa ku Germany, Rudolf Virchow, amene m'chaka cha 1858 anaphunzitsa kuti matenda amayambira m'maselo, ndipo wofuna kuwadziwa akayang'ane kumeneko.

Kapepala kamene kanachedwa

Nditangoyamba ntchito m'boma, achemwali anga aakulu anatupa m'khosi. Poyamba tinkati ndi mwanabere wamba, aphwa yekha. Atapita kuchipatala anawayambitsa mankhwala a chifuwa chachikulu, ndipo panalibe cholakwa pamenepo, pakuti kwathu kuno zotupa zambiri za m'khosi zimakhaladi za matenda amenewo. Miyezi inapita, chotupa chikukulirakulira, thupi likutha. Pamapeto pake anawadula kanyama n'kutiuza kuti tidikire, pakuti koyezera kwake n'kutali. Alamu anga anapalasa njinga maulendo osawerengeka kukafunsa, ndipo yankho linali limodzimodzi: zotsatira sizinabwere.

Mukudziwa inu kuti kumudzi funso silikhala lopanda yankho. Chipatala chikakhala chete, ena amayankha. Achibale anapita kukaombeza, ndipo ula unagwa pa agogo ena amasiye oyandikana nafe, amene tinakanganapo nawo za malire a munda. Anthu analeka kuwapatsa moni. Pa maliro a achemwali anga agogowo sanathe ngakhale kufika pasiwa, poopa anyamata amene anali atayamba kale kulankhula zoopsa.

Tikutha kumeta, kapepala kaja kanatulukira. Kanali ndi mizere yochepa ya Chingerezi ndi siginecha ya dokotala amene sitinamuonepo. Kanati inali khansa ya m'zamwanabere, yotchedwa lymphoma. Ndinapita nako kwa amalume, amene ndiwo mwini mbumba, n'kuwamasulira liwu ndi liwu. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Mphwanga, ndiye kuti matendawa ali ndi dzina?" Ndinati, "Inde amalume, ndipo amagwira anthu dziko lonse lapansi, ngakhale kumene kulibe malire a munda." Mmawa mwake amalume anagwira tambala n'kupita okha kukapepesa agogo aja.

Sindikuloza chala munthu aliyense. Masiku amenewo madokotala owerenga timagalasi totere m'dziko lonse lino anali oti kuwawerenga dzanja limodzi silikanatha, ndipo timabotolo tinkachokera kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Koma kapepalako kanandiphunzitsa kuti yankho la dokotala ameneyu likafika msanga limapulumutsa wodwala, ndipo ngakhale lichedwe, limapulumutsabe wina amene akanaphedwa ndi mphekesera.

Pamene yankho linkachokera kutsidya la nyanja

Amalawi oyamba kukhala madokotala anaphunzira kunja. A Daniel Sharpe Malekebu anatsiriza pa Meharry Medical College ku America mu 1917, ndipo a Hastings Kamuzu Banda anatsiriza pa sukulu yomweyo mu 1937. Mu nthawi yonse ya atsamunda, ndi zaka zoposa 25 titalandira ufulu mu 1964, dziko lino linalibe sukulu yakeyake ya madokotala. Ngati dokotala wamba anali wosowa chotero, nanga katswiri wa timagalasi?

Chitsanzo chabwino cha mmene zinthu zinkayendera ndi nkhani ya matenda otupitsa nsagwada za ana. Dokotala wa opaleshoni Denis Burkitt, amene ankagwira ntchito ku Kampala m'dziko la Uganda, analemba za matendawa mu 1958. Iye anaona chotupa ndi maso, koma amene anazindikira kuti ndi khansa ya mtundu wa lymphoma anali madokotala a pathology a ku Makerere, Greg O'Conor ndi Jack Davies. Mu 1961 Burkitt ndi anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, anayenda pagalimoto mtunda wa mamailosi pafupifupi 10,000, kuyendera zipatala zoposa 50, ndipo anadutsanso muno mu Nyasaland. Paliponse ankaonetsa zithunzi n'kufunsa ngati ana otere amapezeka. Anapeza kuti matendawa amakonda madera otsika, otentha ndi achinyezi, monga m'mbali mwa nyanja ndi m'zigwa, osati kumapiri kozizira. Kumeneko n'kumenenso malungo amasautsa chaka chonse, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti malungo ali ndi mbali pa khansa imeneyi. Mu 1964 tinyama tochokera ku Uganda titayezedwa ku London, Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapezamo kachilombo kamene lero kamadziwika ndi maina a Epstein ndi Barr. Aliyense wodziwa kutentha kwa Liwonde, Ulongwe ndi Utale aona yekha kuti mapu a Burkitt ankanena za kwathu.

Katswiri wina amene anaphunzitsa pathology ku Makerere, Pulofesa Michael Hutt, atabwerera kwawo anakagwira ntchito pa chipatala cha St Thomas' ku London. M'zaka za m'ma 1970 tinyama ta odwala a ku Malawi tinkatumizidwa kumeneko, ndipo zotsatira zinkabwera pa positi. Taganizani mayi wa kwa Kawinga kapena kwa Kalembo, amene sanafikepo ngakhale ku Limbe, koma kachidutswa ka thupi lake kakwera ndege mpaka m'mbali mwa mtsinje wa Thames kukafunsa dzina la matenda ake. Chinali chithandizo chachikulu ndipo tiyenera kuthokoza, koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Dziko silingadalire positi mpaka kalekale.

Yankho lifika ku Blantyre

Dzina loyenera kulikumbukira pano ndi la Pulofesa George Liomba, mmodzi mwa Amalawi oyambirira kukhala katswiri wa pathology. Iwo anagwira ntchito pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo m'zaka za m'ma 1980 anayambitsa kaundula wa matenda a khansa m'dziko muno. Poyamba kaundulayu ankangolemba zimene zapezeka pa timagalasi, koma kuyambira mu 1993 anayamba kutsata odwala khansa onse a m'boma la Blantyre. Ndi kudzera m'ntchito yotereyi mmene tinadziwira bwino khansa zimene zimatisautsa kwambiri: ya Kaposi, imene inachuluka ndi mliri wa Edzi, ya khomo la chiberekero, ya kum'mero, ya chikhodzodzo, ndi ya ana ija ya Burkitt. Ife a m'boma timadziwa kuti chinthu chosawerengedwa sichilowa mu bajeti.

M'chaka cha 1991 Yunivesite ya Malawi inatsegula College of Medicine ku Blantyre. Malemu Pulofesa John Chiphangwi ndiwo anamenyera kwambiri nkhondo yoti sukuluyi ikhalepo, ndipo mkulu wake woyamba anali Pulofesa Geoffrey Dahlenburg wa ku Australia. Ophunzira oyamba anali atayambira maphunziro awo kunja, makamaka ku Britain, n'kudzatsirizira kuno, ndipo gulu loyamba linalandira madigiri mu 1992. Kuyambira mu 1994 ophunzira anayamba kuyambira ndi kutsirizira konkuno. Ambiri a ife nthawi imeneyo tinali pa sukulu yathu ija, tikumva za kolejiyi ngati nthano, n'kumaloza mnzathu wokhoza Physical Science kuti uyu ndiye wa ku Medicine.

Sukulu ya madokotala singayende popanda wophunzitsa pathology, pakuti dokotala aliyense amayenera kudziwa mmene matenda amaonongera thupi asanaphunzire kuchiza. Motero kubwera kwa kolejiyi kunapatsa ukatswiri umenewu nyumba. Mwa madokotala amene anatsatira njira ya a Liomba muli Pulofesa Steve Kamiza, Dr Charles Dzamalala, ndi Dr Tamiwe Tomoka, amene ndi mayi woyamba m'dziko lino kukhala katswiri wa pathology. Pamene kolejiyi inayamba maphunziro a ukatswiri otchedwa MMed m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, inatsogoza nthambi monga za ana, za akulu ndi za opaleshoni. Mibadwo yoyamba ya akatswiri a pathology inakasulidwa kunja, ena ku Britain, ena ku Uganda, ena ku South Africa. Chofunika kuchinena ndi choti anabwerera, pamene ntchito za malipiro onona zinali kuwakodola kumene anaphunzirako.

Kutalika kwa ulendo wake

Kuti timvetse chimene mwana wa mnzathu uja akufuna, tiyeni tiwerenge zaka. Wophunzira wokhoza bwino MSCE amayamba ndi chaka chimodzi chokonzekera, kenaka zaka 5 za digiri ya udokotala. Akatsiriza amagwira ntchito moyang'aniridwa kwa miyezi 18 m'zipatala zikuluzikulu, ndipo akakhoza amalembedwa m'kaundula wa Medical Council of Malawi, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987. Apa ndiye wangokhala dokotala wamba. Ukatswiri umafuna zaka zina zosachepera 4.

M'zaka zimenezo wophunzirayo sakhala pa desiki ngati ife tinkachitira. Amagwira ntchito pansi pa katswiri wamkulu. Mmawa amayeza ndi kudula ziwalo zimene zachokera ku opaleshoni, kusankha pamene payenera kusengedwa. Masana amakhala pa maikulosikopu ya mitu iwiri, iye mbali ino mphunzitsi mbali inayo, onse akuyang'ana kagalasi kamodzi. Amayamba ndi kuloweza maonekedwe a chiwalo chilichonse chili bwinobwino, pakuti sungadziwe chopindika usanadziwe chowongoka. Amaphunzira kuyamwa maselo m'chotupa ndi kajakisoni kakang'ono, kugwiritsa ntchito utoto wapadera umene umasiyanitsa khansa zofanana nkhope, kuyeza mtembo mwaulemu, ndi kulemba lipoti loti dokotala wina aliwerenge osasokonezeka. Timagalasi timene amaona asanayesedwe mayeso ndi masauzande. Ku South Africa mayeso otsiriza amaperekedwa ndi College of Pathologists, nthambi ya bungwe la Colleges of Medicine of South Africa, ndipo wophunzira amalembanso kafukufuku wake ku yunivesite.

Tikaphatikiza, kuchokera pa Fomu 4 kufika pa ukatswiri ndi zaka zoposa 11, ngati palibe kubwereza kapena kudikira thandizo la fizi. Mwana wobadwa tsiku limene munthuyo akulowa koleji amakhala ali m'makalasi akumapeto a pulayimale pamene iye akusayina lipoti lake loyamba. Ichi n'chifukwa chake akatswiriwa sangachuluke ndi chilengezo cha pa msonkhano. Pozindikira vutoli, mu 2010 madokotala a pathology a m'chigawo chino cha Africa anakhazikitsa koleji yawo yotchedwa COPECSA, kuti maiko a kum'mawa, pakati ndi kumwera azithandizana pa maphunziro ndi mayeso.

Zimene akufa anaphunzitsa amoyo

Tsono tibwere ku mitembo imene mnzathu uja akuiopa. Kuyambira mu 1996, pa chipatala cha Queen Elizabeth panachitika kafukufuku amene dziko lonse lapansi limamudziwa. Madokotala Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux, pamodzi ndi akatswiri a pathology kuphatikizapo a Liomba, ndipo pambuyo pake a Kamiza, ankapempha makolo a ana omwalira ndi malungo a mu ubongo kuti alole thupi la mwana liyezedwe. Silinali pempho lapafupi kwa mayi amene wangotaya mwana, ndipo makolo amene anavomera ndi ngwazi zosatchulidwa maina. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2004 zinadabwitsa madokotala. Mwa ana 31 amene aliyense ankakhulupirira kuti afa ndi malungo a mu ubongo, 7 anapezeka kuti anafa ndi matenda ena. Tizilombo ta malungo tinalimodi m'magazi mwawo, monga timakhalira mwa ana ambiri kwathu kuno, koma chowapha chinali china. Kafukufuku yemweyu anaonetsanso kuti malungo enieni a mu ubongo amasiya zizindikiro mkati mwa diso, zimene dokotala angazione mwana akadali moyo. Chomwecho ana amene anamwalira anaphunzitsa madokotala kuyang'ana m'maso mwa ana amoyo, ndi kusaleka kufunafuna matenda ena pamene zizindikirozo palibe.

Mbali ina ndi ya chilungamo. Pa 24 September 2011 wophunzira wa pa Polytechnic, Robert Chasowa, anapezeka atafa pasukulupo, ndipo poyamba zinalengezedwa kuti anadzipha. Dr Dzamalala atayeza thupi anapeza kuti mabala a kumutu sankagwirizana ndi nkhani imeneyo. Mu 2012 komiti yofufuza, motsogozedwa ndi Justice Andrew Nyirenda, inanena kuti mnyamatayo anachita kuphedwa. Kwathu konkuno ku Machinga sitidzaiwala MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino amene anasowa mu March 2018 ndipo thupi lake linapezeka mu April chaka chomwecho. Mlandu wake unatha mu 2022, pamene bwalo lalikulu linapeza anthu 12 olakwa. Pa milandu ya mtundu umenewu khoti silingadalire mphekesera. Limafuna umboni wa munthu wophunzira amene angaime n'kunena kuti thupi ili ndi la uje, ndipo anafa motere. Womwalira salankhula, ndipo dokotala ameneyu ndiye pakamwa pake.

Kuchokera ku Blantyre kufika ku Lilongwe

Kwa zaka zambiri Blantyre ndiye anasenza katundu wa dziko lonse. Zinthu zinasintha mu July 2011, pamene pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe panatsegulidwa labotale ya pathology mogwirizana ndi University of North Carolina ya ku America. A Liomba anakagwira ntchito kumeneko, ndipo pambuyo pake Dr Tomoka anadzatsogolera ntchitoyo. Labotaleyi inabweretsa njira yatsopano. Kagalasi kamajambulidwa ndi makina, chithunzi n'kutumizidwa pa intaneti, ndipo madokotala a ku Lilongwe ndi a ku America amakambirana za wodwala mmodzi aliyense ali kwawo. Onani kusiyana kwake ndi masiku a positi: kale kanyama kankapita kunja kukafuna katswiri, lero katswiri ali konkuno, kunja kumangopita chithunzi pofuna kumva maganizo a mnzake. Mu 2021 College of Medicine inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing kupanga Kamuzu University of Health Sciences, kumene ana athu akuphunzira udokotala tsopano.

Nanga kwathu?

Pamene Balaka inkapatulidwa ku Machinga kukhala boma palokha mu 1998, ena a ife tinali m'mafomu akumapeto. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 735,000 m'boma la Machinga ndi oposa 438,000 m'boma la Balaka. Akatswiri amene analemba za nkhaniyi mu 2013 anati ku Britain ndi ku America dokotala mmodzi wa pathology amatumikira anthu pakati pa 15,000 ndi 20,000, pamene m'maiko ambiri a kumwera kwa chipululu cha Sahara mmodzi amatumikira anthu oposa 500,000. Mutati muwerengere pa muyezo wa ku Britain, maboma athu awiriwa akanakhala ndi akatswiri oposa 50. Koma kanyama kodulidwa kwathu kamayenerabe kukwera galimoto kupita kumizinda ikuluikulu, ndipo yankho limayenda ulendo womwewo pobwerera.

Komatu ntchito yowadikira ndi yambiri. Ana athu amasamba mu Shire, m'nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta, kumene likodzo ndi losasowa, ndipo likodzo lokhalitsa limatha kubala khansa ya chikhodzodzo munthu atakula. Dziko lathu lili m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi kwambiri pa dziko lonse. Katemera woteteza atsikana anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019, koma amayi athu ndi alongo athu amene anapitirira msinkhu wa katemerayo akudalira kuyezedwa, ndipo pakapezeka chokayikitsa, mawu otsiriza amakhala a kagalasi.

Tikumbukirenso kolera. Munthu woyamba kupezeka ndi matendawa pa mliri waukulu uja anali bambo wochokera m'boma la Balaka, amene anafika pa chipatala cha boma la Machinga kumapeto kwa February 2022. Kutsekula m'mimba kuli ndi zifukwa zambiri, ndipo chimene chinachititsa kuti boma lilengeze za mliri kumayambiriro kwa March ndi umboni wa ku labotale, kumene anameretsa kachilomboko n'kukatchula dzina. Mliriwo unafalikira m'maboma onse, unagwira anthu pafupifupi 59,000 ndi kupha oposa 1,700. Belu loyamba linalira kwathu, ndipo analiza ndi anthu a ntchito yomwe ija timaiseka.

Pempho langa

Mbiri imene ndafotokozayi ndi ya yankho limene lakhala likusendera kufupi ndi wodwala. Linali ku London, linafika ku Blantyre, linafika ku Lilongwe. Silinasendere lokha. Pa sitepe iliyonse panali munthu amene analolera kuonjezera zaka pa sukulu, anzake akumanga nyumba ndi kugula magalimoto, kenaka n'kubwerera kwawo. Sitepe yotsala ndi yofika ku Liwonde ndi ku Balaka, ndipo sindikuona chifukwa choti amene adzaiponde asakhale mwana wa pa sukulu yathu.

Choncho ndikupempha komiti yathu zinthu ziwiri. Choyamba, pa ndalama zimene timasonkha chaka chino tiganizireko labotale ya sukulu, makamaka ma maikulosikopu ndi timagalasi take, pakuti m'mera m'poyamba. Chachiwiri, pa tsiku lolankhula ndi ophunzira za ntchito zam'tsogolo, tisamangoitana maloya ndi owerengera ndalama. Tiitaneko ndi munthu wa ku labotale, abwere ndi kagalasi kenikeni, ana aone ndi maso awo mmene matenda amaonekera.

Kwa tonsefe, amene kumudzi amatitcha ophunzira, ndikuti m'bale wathu akauzidwa kuti adulidwe kanyama, timulimbitse mtima. Ambiri amaopa kuti chotupa chikakhudzidwa ndi mpeni ndiye chimalusa, n'kuthawa chipatala mpaka nthawi itatha. Tisunge nambala ya kabotolo, tilondole zotsatira osatopa, ndipo zikabwera tikhale pansi timasulire abale athu m'chinenero chimene akumva. Yankho likamachedwa, ife ndiye tikhale oyamba kuletsa kuloza zala agogo a m'mudzi.

Pomaliza, kwa inu akulu amene munadandaula pa msonkhano paja, pepani kuti tinakusekani, ndipo pepani kuti ndakuyankhani pagulu. Mwana mulekeni apite. Kumudzi akakufunsani kuti mwana wanu amagwira ntchito yanji, mudzawauze kuti ndi dokotala amene madokotala anzake amakafunsako nzeru zikawathera. Ine amalume anga akanakhala moyo, akanabwera okha kudzakuuzani mawu omwewa, tambala ali m'manja.